Khoma Linaitana Kawiri

Tinapita ku Lucknow ku ukwati wa msuweni wa amuna anga, ndipo tsiku lobwerera tinapeza kuti sitima yathu inyamuka madzulo. Ine ndinkafuna kungokhala pasiteshoni, katundu ali pamiyendo, mwana ali pamaso panga. Koma amuna anga, bambo a Jhinuk, si munthu wokhazikika.

"Kakoli, akatifunsa kwathu kuti mwaonako chiyani, tikati benchi?" anandifunsa.

Choncho tinakafika pa chinyumba chakale cha mafumu a mumzindawo, chija chili ndi tinjira tosokeretsa pamwamba pake. Jhinuk, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zinayi, ndipo anavala diresi yachikasu ya kuukwati. Ndinamugwira pamkono, osati padzanja, chifukwa dzanja limaterera ndi thukuta.

Wotiperekeza anali mdala wa ndevu zopaka utoto wofiira. Anatikweza masitepe aatali, natilowetsa m'kanjira kopapatiza moti mapewa a amuna anga ankakhula makoma onse awiri. Kunja dzuwa linali paliwombo, koma m'katimo munali mdima wozizira ndi fungo la mileme.

"Musatalikirane," anatero mdalayo. "Chaka chatha bwana wina analowa muno ndi mkazi wake, anatuluka ndi wa mnzake."

"Akulu, njira yake ndi iti imeneyo?" anafunsa amuna anga.

Anaseka awiriwo. Ine ndinkawerenga mokhota: kumanja kawiri, kumanzere kamodzi, masitepe atatu otsika. Pa mokhota mwachisanu ndi chinayi chiwerengero chinandithawa.

Tinafika pamalo pokumana tinjira tinayi. Mdala uja anatumiza amuna anga kumapeto kwa kanjira kamodzi, kutali ndithu, kuti akanong'one kukhoma.

"Khoma ili limanyamula mawu ngati waya wa foni. Achemwali, manja onse awiri pakhoma, khutu pakati."

"Limodzi silikwana?"

"Onse awiri. Mwanayo sathawa, palibe amene akumuvutitsa."

Ndinauza Jhinuk kuti agwire nsonga ya sari, nsalu imene ndinavala, kenako ndinamusiya mkono. Khomalo linali lozizira ngati mtsuko. Poyamba ndinangomva mpweya. Ndiyeno mawu anabwera, koma sanali a mwamuna. Anali a mkazi, ndipo ndinawazindikira, chifukwa anali anga, mmene ndimaitanira mpunga ukakhala uli m'mbale.

"Jhinuk. Jhinuk."

Ndinadikira kachitatu. Kunali zii.

Kwathu ku Katwa mwana aliyense amadziwa za chinthu chija chobwereka mawu a munthu amene umamukonda. Chimaitana kawiri kokha, kachitatu sichitha, ndipo wochitsatira sabwerera. Jhinuk anaphunzirira pamenepo kuwerenga mpaka pa zitatu. Ndinamuphunzitsa ndine, tsiku ndi tsiku, apongozi anga akundiseka.

Nditacheuka, nsonga ya sari inkangolendewera.

"Mukumva inu! Mwana!" ndinakuwa.

Amuna anga anabwera akuthamanga chowerama. Mdala uja anali atayang'ana kumbali kuthandiza alendo ena osokera, ndipo sanaone kanjira kamene mwanayo analowa. Ndinaitana katatu, momveka bwino, ndikusiya mpata pakati. Tinjirato tinandibwezera dzinalo kasanu, kasanu ndi kawiri, lina kumwamba, lina pansi pa mapazi. Ndinaitananso, zinaipiraipira.

"Musathamange, achemwali," anatero mdalayo, nthabwala zitamuthera. "Mukasokera nanunso, ndiyambira ndani?"

Ndinathamangabe. Ndinagundana ndi atsikana a sukulu, ndinafunsa banja lina lomwe silinkamva chilankhulo chathu, ndinaonetsa ndi dzanja msinkhu wake. Panali malo ena pomwe kanjira kankathera pa zenera lopanda chotchinga, pansi patali anthu akuoneka ngati nyerere. Sindinasuzumire.

Anamupeza ndi mdalayo, m'kaphanga ka m'khoma komwe kale ankaikamo nyale. Anali atadzipinda, mawondo pachibwano, manja onse awiri atatseka pakamwa. Sanali patali. Ndinali nditamudutsa kawiri konse, iye akundiona.

Ndinagwada n'kutambasula manja. Anadzikankhira m'kati.

"Jhinuk, ndine amayi ako. Bwanji sunayankhe?"

Anachotsa dzanja limodzi pakamwa. "Munaitana kuchokera uko. Koma munali pano, mutatseka pakamwa. Sindinadziwe wabodza ndi uti."

"Waona?" anatero bambo ake mokwiya. "Nkhani zako zakumudzi zija. Wamudzaza mwana mantha mpaka akuthawa mayi wake."

"Inu munanong'ona chiyani kukhoma kuja?"

"Ndinati mpunga wapserera. Ndimafuna useke."

"Dzina lake simunatchule?"

"Nditchulirenji dzina lake?"

Ndinayang'ana mdala uja. Iye anayang'ana ndevu zake.

"Ndionetseni mapazi," anatero Jhinuk.

Chimenechonso anachimva kwa ine, kuti zinthu zovala nkhope za anthu mapazi ake amaloza kumbuyo. Nsapato tinali titazisiya pakhomo pansi. Ndinaimirira n'kukweza sari mpaka m'akakolo, alendo ena akudutsa n'kumatiyang'ana. Utoto wofiira umene anandipaka kuukwati unali usanafufutike m'mphepete mwa zala.

Jhinuk anatuluka chokwawa. Anagwira chala chachikulu, anagwira chidendene, anazungulira kumbuyo kwanga kukaona mbali inayo. Anatenga nthawi, ngati mmene ndimasankhira miyala mu mpunga. Ndinaima chilili, osapuma, kudikira kuti mwana wanga andiweruze.

Atatha anaimirira, nandilambalala, n'kukweza manja kwa bambo ake.

"Ndinyamuleni."

Tinatsika mdala ali patsogolo, amuna anga pakati, ine pambuyo. Masitepe anali ambiri kuposa pokwera. Jhinuk anaika chibwano paphewa la bambo ake, nkhope itayang'ana kwa ine, koma maso ake sanafike pankhope yanga ngakhale kamodzi. Anali pansi, pa sitepe iliyonse imene ndinkaponda. Titafika pakati pa njira ndinazindikira kuti nanenso ndikuyang'ana komweko.