Rediyeta ya Ba Edmond

Ba Marjory anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mu komboni yathu yonse ya George tinkawadziwa ndi manja awo akuda. Kuyambira chaka chimene kampani imene ankagwirako ntchito amuna awo Ba Edmond inatsekedwa, iwo n'kubwerera kunyumba ndi ovolosi yokha, mayiyu ndiye ankadyetsa banja pogulitsa makala pamsika. Fumbi lake linalowa m'zikhadabo, kenako m'chifuwa, ndipo silinatulukemonso.

Atatsala pang'ono kutsirizika anapempha chinthu chimodzi. Ine ndinali pomwepo, poti nyumba zathu n'zogundizana.

"Batate bake Maud, nankala mu malasha zaka zonse izi. Osanipeleka ku Chingwere pa lole ya malasha. Muninyamule mu motoka yanu."

Ba Edmond anavomera. Masiku amenewo maliro onse a kwathu ankapita kumanda a ku Chingwere pa lole ya Goliati, yomweyo imene inkatuta makala masiku ena. Ngakhale muisese bwanji, munthu unkatsikamo ngati wagona m'ng'anjo.

Galimoto imene ankanenayo inali vaneti yakale, yogula nthawi ya ntchito. Inali itakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Kutatsala tsiku limodzi kuti tikaike maliro, Ba Edmond anavala ovolosi ija n'kuitana Fackson, makaniko wa pansi pa mtengo. Matayala anabwereka, batire anabwereka. Oilo wakale anatuluka wakuda bii ngati phula, iwo n'kuthiramo wotsala wa m'minibasi atamusefa pansalu. Anathiranso mafuta a mabuleki. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inalira, mpaka amayi amene ankaimba m'nyumba anasuzumira pazenera.

Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma Ba Edmond anali munthu waukhondo wopitirira muyezo, wosita ndi mpango wa m'thumba womwe. Atatsegula rediyeta anapeza madzi ofiira ngati thobwa, nkhope yawo n'kugwa.

"Iyi manzi ni yadoti. Bamake Maud sibangayende na vinthu va so."

"Mudala, osagwilako," anatero Fackson. "Iyo doti ndiye yamene igwilila rediyeta. Muli mazila, muli sopo, vonse vamene tinaikamo kudala kutseka vibowo. Onjezelani chabe manzi pamwamba."

Sanamve. Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, koma lero ndimawamvetsa. Munthu amene walephera kugulira mkazi wake mankhwala amafuna kumuchitira kanthu kamodzi koyera. Anamasula payipi ya pansi, madzi onyansa aja anayenderera pabwalo. Anathira soda, natsuka, nathiranso, mpaka madzi otuluka anayera mbee. Kenako ananyamula wailesi yawo kukaigulitsa ku Matero, n'kubwerako ndi chigubu cha kulanti, madzi obiriwira aja oziziritsa injini. Anawathira pang'onopang'ono osataya ngakhale dontho. Fackson anangopukusa mutu n'kukakhala pansi.

M'mawa mwake tinakweza bokosi mu vaneti. Amayi a kutchalitchi anali atalikuta ndi nsalu yoyera. Vaneti inatsogola, lole ya Goliati ikutsatira ndi anamfedwa. Ba Edmond anayendetsa okha, msana uli chilili, ndipo kwa kanthawi ankaoneka ngati munthu wa masiku a ntchito aja.

Ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi. Titangodutsa Lilanda ndinaona kamzere kobiriwira kakutitsatira pamsewu. Posakhalitsa nthunzi inatuluka mu boneti, galimoto n'kuima.

Amayi anatsitsa zigubu za madzi osamba m'manja pochoka kumanda. Tinathira, madziwo n'kumangotulukira pansi ngati m'sefa. Dzimbiri ndi mazira zimene zinkatseka mabowo zaka zonsezo zinali zitatsala pabwalo la kunyumba. Ba Edmond analiza injini mokakamiza, tinayendako pang'ono, kenako inagogoda kawiri n'kuti zii.

"Tiikankhe," anatero. "Bane, nipapata, tiikankhe chabe."

Tinakankha. Thukuta linatsika, nyimbo inatha, phula likutentha kunsi kwa nsapato. Koma Chingwere inali kutali, ndipo zaka zimenezo kumanda kunkakhala mzere wa maliro, ukachedwa abusa amapita kwa ena. Maliro sabwerera m'mbuyo, komanso thupi silidikira padzuwa la Okutobala. Ba Fred, mlongo wake wa malemu, anagwira Ba Edmond paphewa.

"Mulamu, vakanga. Mwayesa, tonse taona."

Tinatsitsa bokosi n'kulipereka kwa amuna amene anali pa lole. Amunawo anali atagwira zitsulo za loleyo ulendo wonse, ndipo aliyense amene analandira bokosilo anasiya zala zake zakuda pansalu. Lole itanyamuka, fumbi la m'mipata ya matabwa linadzuka n'kuyamba kuteranso.

Vaneti tinaisiya m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa. Mwini wake sanaicheukire n'komwe. Atakwera lole anakhala chogwada pambali pa bokosi, natulutsa mpango wawo wosita uja, n'kuyamba kupukuta zala zakudazo. Akapukuta apa, kuda kunkangofalikira apo. Anapukutabe mpaka tinalowa pachipata cha manda, nsalu yonse itasanduka yotuwa, iwo akungonong'ona kuti, "Pepani, bamake Maud, pepani."