Pepala la M'chitini cha Mabisiketi

Kalata ya khonsolo inafika Lachiwiri m'mawa, Muanacha ali pawindo la laibulale kuonerera ngalawa za matanga zikuchoka pachilumba cha Mozambiki. Mayiyu anali wolota masana. Ankati akakhala phee m'nyumba yakale ya laibulaleyi, yomangidwa ndi miyala ya m'nyanja, amamva mapazi a amalonda amene ankagonamo kalekale, ndiponso kutsokomola kwa malemu bambo ake, amene anayambitsa laibulaleyo ndi mabuku odzaza dengu limodzi.

Kalatayo inali yachidule. Inati komiti ya laibulale yaphwanya lizi, mgwirizano wobwereka nyumbayo kwa zaka makumi asanu, choncho nyumba ibwezedwe kukhonsolo. Aliyense ankadziwa kuti mwini hotela wina wakhala akuizungulira nyumbayo ngati mphaka pa nsomba zoyanika. Mtima wa Muanacha unawawa kwambiri.

Msonkhano wa komiti unangokhala phokoso lokhalokha.

"Taphwanya chiyani ife?" anakalipa Amisse, mchimwene wake wa Muanacha. "Si ine ndinamata khoma lonseli ndi simenti chaka chatha, ndi manja angawa? Kuthokoza kwake n'kumeneku?"

"Agulidwa akukhonsolo amenewo!" anatero a Sualehe, apampando. "Mawa titseke msewu basi."

"Mukautseka ndi mawondo ake ati, apampando? Omwe amalira pokwera masitepewa?" anafunsa mayi wina, anthu n'kufa nacho chiseko.

Muanacha sanaseke. M'mawa mwake anapita kukhonsolo n'kupempha a Zainabo, oyang'anira nyumba zakale, kuti adzaone okha. A Zainabo atafika analunjika kukhoma lomatedwa lija. Anagunditsa chikhatho pakhoma, kenako n'kutenga dzanja la Amisse n'kuligunditsa pomwepo.

"Mukumva chiyani, bambo?"

"Chinyezi," anayankha Amisse monyinyirika.

"Miyala iyi imamwa madzi a m'nyanja, ndipo imawatulutsira m'njereza. Inu mwaitseka pakamwa ndi simenti. Tsopano ikufumbutuka m'kati, ndipo mabuku anuwa ayamba chuku. Lizi yanu ili kuti?"

Onse anayang'anana. Muanacha anakwera pampando n'kutsitsa chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. Munali pepala lofiirira, lokhala ndi siginecha ya bambo ake. Zaka zonsezi ankalipukuta fumbi ngati chithunzi cha malemu, koma kuliwerenga ayi. Tangoganizani, anthu osunga mabuku zikwi ziwiri, olimbikitsa anzawo kuwerenga tsiku ndi tsiku, pepala limodzi lokha n'kuwakanika!

Muanacha anawerenga mokweza. Ndime yachisanu inati khoma likonzedwe ndi njereza yokha, ndipo khonsolo iyambe yauzidwa. Amisse anawerama.

"Achemwali, ndimati ndikuthandiza," anatero chapansipansi.

"Musaime pamenepo, mayi, pitirizani," anatero a Zainabo.

Ndime yachisanu ndi chitatu inati komiti ikalakwitsa, ili ndi ufulu wolemba kalata yodandaula ndi kupatsidwa miyezi itatu yokonza cholakwacho, nyumba isanalandidwe.

"Kodi zimenezo zinali m'chitini momwemo?" anadabwa a Sualehe. "Ndiye ine ndikanathyoka miyendo pachabe!"

Kalata anailemba tsiku lomwelo, onse n'kusayina. Amisse ndiye anali woyamba kugwira tchizulo, kugumula simenti yake yomwe. Amisiri a pachilumbapo anawaonetsa kakandidwe ka njereza ndi mchenga wotsuka. Amayi ankatunga madzi, ndipo a Sualehe ankalamula ali pampando. Mwezi wachitatu usanathe, khonsolo inadzayendera nyumbayo n'kulemba kuti lizi ipitirire. Mwini hotela uja anasiya kudutsa njira imeneyo.

Masana ena Muanacha anatsamira khoma loyera lija. Linali louma, lofunda ngati msana wa munthu. Kunja matanga ankayandama pang'onopang'ono, ndipo iye anachita ngati akumva bambo ake akutsegula tsamba m'chipinda chinacho, osatsokomolanso.

Pepala lija silinabwererenso m'chitini. Lili pakhomo polowera, ndipo chaka chilichonse komiti imaliwerenga mokweza pamaso pa anthu onse.

Mgwirizano uliwonse umene gulu lanu linasayina, uwerengeni pamodzi mpaka kumapeto, ndipo funsani musanakonze nyumba yakale. Pepala limene likukuuzani udindo wanu ndi lomwelo limene lasunga ufulu wanu.