Waya m'dzenje la nkhumba

Peniasi anali atakumba kulekeza m'mawondo pamene fosholo inakodwa. Linali Loweruka m'mawa ku Inala, kutali ndi kwawo ku Fiji, ndipo dzenjelo linali la lovo, loti aphikiremo nkhumba ndi chinangwa pa ubatizo wa mdzukulu wake. Anakoka poyesa ndi muzu, koma kunatuluka waya wa kopa. Anakokabe, wayayo n'kumang'amba kapinga mpaka kukalowa pansi pa mpanda wa aneba ake, a Merv.

A Merv, mkulu wopuma ntchito ya njanji, anali ndi kabwalo koti ngakhale galu sangatembenukemo, koma pakati pake panaima mlongoti wa wailesi yawo yolankhulirana ndi anthu akutali.

"Madala!" anaitana Peniasi. "Mwayamba liti kudzala kwanga kuno?"

Mutu wa imvi unasuzumira pampanda, nkhope ili psuu.

"Aa, mwamupeza. Pepani aneba. Mlongoti uwu sugwira ntchito wokha, umafuna mawaya ataliatali oyala pansi mbali zonse. Nanga ine malo ndiwatenga kuti? Ndinamulowetsa muja munapita kwanu pa Khirisimasi."

"Mmodzi yekha?"

A Merv anadzikanda m'khosi. "Pansi pa nthochi zanu pali mnzake."

Peniasi anaseka mpaka kutsamira fosholo.

"Ndiye zimafika kuti zanuzi?"

"Likakhala tsiku labwino, ku Fiji kwanuko. Koma mawu ake ngati udzudzu. Mawaya achepa."

Masana alendo atakhuta, Peniasi anadzutsa alamu ake ndi asuweni, zimphona za ragibi zokhazokha, n'kuwapatsa mipeni. Anacheka kapinga mizeremizere, a Merv akuwalondolera ndi mpukutu wa waya m'manja, mayi Litiana, mkazi wa Peniasi, akukalipa pakhonde: "Wondipondera maluwa asabwerenso kudzadya pano!"

Dzuwa litangolowa anapanikizana onse m'kashedi ka a Merv. Wailesi inkangoti shii. Mkuluyo anaitana, n'kudikira, n'kuitananso. Kenako munthu anayankha, mawu ake ngati ali kuseri kwa chitseko, akuti ali ku Labasa, ku Fiji komweko.

Peniasi anatenga maikolofoni thukuta lili kamukamu. Zoti anene zonse zinathawa.

"Bula, achimwene," anatero pomaliza, kupereka moni wa Chifiji. "Mvula ikugwa kumeneko?"

Yankho linabwera m'Chifiji, ndipo shedi yonse inafuulira pamodzi, aliyense akufunsa za kumudzi kwawo.

"Mmodzimmodzi, anthu inu!" anachonderera a Merv. "Mumugonthetsa mwana wa eni ake!"