Zifukwa Zitatu Zosamukira

Madamu a sitandade 5 anali atatopa, kutopa kuja koti ngakhale choko chimalemera m'manja. Ntchito yawo inali ya kontirakiti, ndipo chaka chatha bambo woyendera sukulu anawalembera pa fomu yake kuti, "Kalasi yaphokoso, mutu sunathe." Lamulo aliyense ankalidziwa: akakulembera zoipa kawiri, kontirakiti yathera pomwepo. Lachinayi bamboyo ankabweranso. Kunyumba Madamu anali ndi ana awiri komanso mayi awo odwala miyendo, onse maso ali pa iwo.

Phokoso ankanenalo linali ili. Pa sosho, phunziro lija la za anthu ndi malo awo, Madamu sankalembetsa manotsi. Ankaponya funso n'kukhala chete, ana azivutika nalo okha. Teremu imeneyi funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani anthu amasamuka? Ana anakafunsa makolo awo, telala wa pakona, mlonda wa pageti, n'kubwera ndi mayankho pa timapepala tong'amba m'makope. Khoma lonse linadzaza. Wina anathawa madzi osefukira, wina banja linatha, wina landilodi anagulitsa nyumba iwo ali momwemo. Zifukwa zinafika khumi ndi chimodzi, anawo akukanganabe ngati kuthawa apongozi n'chifukwa pachokha kapena chilowe m'gulu la kutha kwa banja.

Lachitatu ataweruka, ahedi analowa m'kalasimo n'kuima manja ali kumbuyo, kuyang'ana khoma lija.

"Madamu, wakutsina khutu ndi mnansi," anatero ahediwo. "Zanuzi n'zabwino, inenso ndimazikonda. Koma fomu ilibe bokosi la kukangana. Ili ndi mawu oyamba mphindi zisanu, mfundo pabolodi, ntchito m'makope, kuomba mkota belu lisanalire. Buku likuti zifukwa ndi zingati?"

"Zitatu."

"Ndiye mawa zikhale zitatu. Loweruka mudzakangane mpaka dzuwa kulowa."

Madamu sanatsutse, mphamvu zotsutsira azitenge kuti? Anakwera pabenchi n'kumatula timapepala tonse, kamodzikamodzi, n'kutiika mu katoni ya choko pansi pa tebulo.

Woyendera sukulu uja anafika nthawi yake, munthu wofatsa wa magalasi omanga ndi kaulusi, naye wooneka kuti sukulu zamukwana. Anakhala kumbuyo, wotchi yake n'kuiika pa desiki. Madamu analemba pabolodi: ntchito, sukulu, nkhondo. Anawerenga, ana n'kubwereza. Anawerenganso, ana n'kubwerezanso. Abale, phunziro linkayenda ngati njinga yothira oyilo! Mphindi makumi awiri zinatha popanda wotsokomola.

Kenaka mkono unakwera pamzere wachiwiri. Kanali kamtsikana kena kochepa thupi, komwe teremu yoyamba yonse sikankatsegula pakamwa. Madamu anakalimbikitsa miyezi inayi kuti kayambe kuyankhula, ndipo n'komwe kanabweretsa pepala la landilodi lija, poti zinachitikira kwawo.

"Madamu, si zitatu," kanatero. "Ife tinapeza khumi ndi chimodzi. Nanga chathu chija chili pati? Ife sitinasamuke chifukwa cha nkhondo."

Kalasi yonse inadzuka m'maso. Mikono ina inayamba kukwera, wina kumbuyo anali atayamba kale za apongozi. Madamu anayang'ana kumbuyo kuja, n'kuona bambo aja akweza cholembera, diso lili pa wotchi. Panatsala mphindi khumi ndi zisanu, ntchito ya m'makope isanayambe n'komwe. Ankadziwa bwino kuti akangoti "Tatiuza," belu liwapeza ali pakati pa mkangano.

"Tsitsani manja," anatero Madamu. "Iwe, khala pansi. Buku likuti zitatu. Lemba zimene zili pabolodi."

Kamtsikanako kanaima pang'ono, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti mwina Madamu aseka. Sanaseke. Kanakhala pansi n'kutsegula kope.

Belu linalira Madamu atangomaliza kuomba mkota. Mu ofesi ya ahedi, woyendera sukulu anachonga mabokosi onse, nawagwira chanza. "Mwasintha kwambiri, mayi. Makamaka mmene munabwezera kalasi mumsewu pamene kamwana kaja kanafuna kukusocheretsani. Kumeneko ndiye kugwira kalasi." Kontirakiti inapulumuka. Madamu anathokoza mwaulemu, koma mumtima munali manyazi okhaokha, ndipo chimwemwe chomwe ankachiyembekezera sabata yonse sichinabwere.

Lachisanu analawirira ndi selotepi, n'kubwezera timapepala tonse pakhoma ana asanafike. Itakwana nthawi ya sosho anakhala pakona ya tebulo monga mwa masiku onse, n'kumwetulira.

"Eya, tibwerere ku nkhani yathu. Dzulo mnzathu anafunsa funso labwino. Ndani atikumbutse?"

Zii. Ana makumi asanu ndi limodzi ankangowayang'ana. Madamu anadikira, poti kudikira ndiye inali ntchito yawo, koma chete ameneyu sanali wa anthu oganiza. Anatembenukira kwa kamtsikana kaja.

"Mwanawe, tatiuza za kwanu zija. Lero tili tokha."

Iko kanali katajambula kale mzere ndi rula, deti katalemba pamwamba. Kanayankha mwaulemu, maso ali pa kope.

"Ingolembani zoonazo pabolodi, Madamu. Ife tikopera."