Dontho lofiira pansi pa galimoto ya bambo

Galimoto ya bambo ndi yaikulu kwa ine. Anaigula asanakwatire n'komwe, chigalimoto chobiriwira cha mipando yachikopa, chosintha chokha magiya. Chichokereni kuchipatala, sitiroko itawafooketsa mkono ndi mwendo wakumanzere, bambo sayendetsanso. Komabe m'mawa uliwonse amatenga ndodo yawo n'kulowa m'galaja, kuliza injini kuti itenthe, kenako n'kumaipukuta ndi dzanja lamphamvulo. Tsiku lomwe sanalowe m'galaja sadzuka n'komwe pabedi, ndipo mbale ya chakudya imabwerera momwe inapitira.

Ndiye tsiku lina anaterereka pa mafuta odontha pansi n'kusupuka chigongono. Achimwene anga oyamba kubadwa anandiimbira foni akuchita kuwira.

"Iwe si makaniko iwe? Galimoto za eni ukukonza, pomwe ya bambo ako ikufuna kuwapha. Ndikadzapezanso dontho pansi paja, ndikuitana ogula zitsulo zakutha adzaikoke."

Achimwene salankhula kawiri. Ndinatseka shopu n'kunyamula bokosi la masipanala.

Amayi anandilandira ndi nyimbo yawo ya masiku onse. "Wabwera kudzazonda mkazi mnzanga? Chiphakasa chimenechi chandiwonongera simenti yonse. Achichotse basi, ine ndipume."

Ndinangolunjika m'galaja. Ndinagwada n'kukhudza dontholo ndi chala. Mafuta a injini amakhala akuda, koma awa anali ofiira, ndiye ndinadziwa kuti ndi a giyabokosi. Vuto la galimoto yakale n'lakuti kunsi konse kumakhala konyowa, sungaone pomwe pakutuluka. Ndinaikweza ndi jeke, kuichirikiza bwino, n'kutsuka kunsiko ndi parafini. Kutauma ndinawaza paudala wa makanda mpaka kunayera mbuu, n'kuyala katoni yoyera pansi. Mafuta akamatuluka amalemba mzere pa paudala, iwe umangoutsata mpaka pomwe wayambira.

Mzerewo unayambira pa gasiketi, kachikopa kotseka pakati pa giyabokosi ndi kabeseni kake ka pansi. Inali itauma gwa, yothetheka ngati bisiketi. Yatsopano ya galimoto ngati imeneyi suipeza m'sitolo, ndiye ndinadula ndekha. M'mphepete mwa kabeseni munali mopindika chifukwa wina anamanga mabauti mwankhanza, ndinawongola ndi hamala. Bambo anakhala pa kampando pafupi n'kumandiyang'anira.

"Osamangitsa, mwanawe."

"Nanga anamangitsa poyamba ndani, si inu?"

Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Ndinathira mafuta atsopano, kuyeza ndi kandodo kake koyezera, n'kubwerera kwanga mtima uli m'malo.

Nditabweranso kumapeto kwa sabata, ndinapeza dontho lofiira lili pakati pa katoni. Ndinapsa mtima kwabasi, chifukwa ine ntchito yanga sibwerera. Ndinalowa kunsi, gasiketi ili bwinobwino, yosadontha. Ndinawazanso paudala n'kuliza injini. Ulendo uno mzere unachokera pamwamba penipeni, pa kabowo komwe giyabokosi imapumira. Nditasolola kandodo koyezera, mafuta anali atapitirira kutali mzere wa pa kandodoko, ali thovu lokhalokha. Giyabokosi ikadzadzitsa, mafuta amachita thovu akatentha n'kumalavula pa kabowoko.

"Bambo, mukuthiramo mafuta muno?"

"Kachivindikiro kamodzi basi, m'mawa. Zatsika pansi ziyenera kubwerera."

"Mwayeza?"

"Ndi maso ati?"

Ndinawalanda botolo lawo la mafuta pomwepo. Anandiyang'ana ngati mwana wolandidwa mpira, ine mtima unandipweteka, koma ndinaliponya m'bokosi mwanga. Ndinapopa mafuta owonjezerawo ndi kapaipi, n'kusintha katoni.

Sabata yotsatira, dontho linanso. Kandodo kanaonetsa kuti mafuta apitiriranso mzere. Aa! Bambo analumbira kuti sanakhudze, ndipo bambo anga sadziwa kunama. Nanga giyabokosi imabereka yokha mafuta? Achimwene anali atanena kuti abwera posachedwa kudzaona. Ndinkaona kale m'maganizo galaja ili pululu, bambo ali gone kuyang'ana khoma, ndipo ndinachita mantha.

Masana, bambo atakagona, ndinalowanso kunsi ndi tochi. Ndinangogona chagada, phee, kuyang'ana mapaipi, nzeru zitandithera. Ndiye ndinamva chitseko. Ndinaona mapatapata awiri akubwera monyang'ama. Dzanja linatsika ndi kansanza n'kupukuta pambali pa tayala. Kenako boneti inatseguka, ndipo ndinamva kwatukwatu m'paipi pamwamba pa mutu wanga.

"Amayi!"

Fanulo yothirira mafuta ophikira inagwa n'kugubuduka mpaka pa phewa langa. Nditatuluka, ndinawapeza ataima ndi botolo la mafuta ofiira, atalibisa theka kuseri kwa siketi.

"Ukufuna kundipha ndi mantha, iwe?"

"Ndinu mukuthira? Inu omwe mumati aichotse?"

"Usakweze mawu, uwadzutsa." Anakhala pa kampando ka bambo. "Chigwereni bambo ako, ndimabwera kudzapukuta kuti asatererekenso, komanso kuti achimwene ako asaone. Nanga ndikapukuta, si ndiye kuti m'katimo mwachepa? Ndiye ndimabwezera. Iwe utawalanda botolo, ndinati basi, iuma, ifa. Ndinayamba kuthira kwambiri."

"Bwanji osandifunsa?"

"Ndifunse kuti anthu adziwe kuti ndimachisamala chiphakasachi?" Anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ine galimotoyi sindiikonda, mwanawe. Koma ikatuluka pa geti apo, bambo ako satenga nthawi."

Ndinayang'ana botolo lili m'manja mwawo. Anthu awiri ogona chipinda chimodzi, aliyense akudyetsa giyabokosi mobisira mnzake, mpaka kutsala pang'ono kuitumiza ku zitsulo zakutha. Ndinaseka, misozi ili m'maso.

Bambo atadzuka ndinawaitanira onse m'galaja. Ndinapopanso mafuta mpaka pa mzere, n'kumanga kansalu koyera pa chogwirira cha kandodo kuti kazioneka. Pa mzere penipenipo ndinapala ndi tupa kuti bambo azimva ndi chala.

"Tamverani. Kuyambira lero palibe wothira asanayeze. Kuyeza kwake, injini izikhala ikulira, itatentha. Wina akhale pa chiwongolero, aponde buleki, ayendetse giya m'malo onse n'kuibweza poimikira. Winayo asolole kandodo, apukute, abweze, asololenso. Botolo ndi limodzi, likhala pa shelefu apa poonekera. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri."

Makaniko aliyense akudziwa kuti munthu mmodzi akhoza kuchita zonsezi yekha, koma zimenezo sindinawauze.

Bambo anayang'ana botolo, anayang'ana fanulo ya kukhitchini ili mafuta okhaokha, kenako anayang'ana amayi.

"Ndi inu?"

"Musandiyang'ane choncho. Ndimateteza simenti yanga."

Achimwene anabweradi. Anagwada ndi buluku lawo labwino, anasolola katoni, kuitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza mpaka. Inali yoyera. Anaibweza n'kuimirira, kusasa m'mawondo.

"Izikhala choncho," anatero, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinadutsirako ndisanatsegule shopu. Ndili pa geti ndinamva injini ikulira. Amayi anali pa chiwongolero, atakankhira mpando kutsogolo, akungoonekera maso. Bambo anali kutsogolo kwa boneti, ndodo itatsamira pa tayala, kansanza kali paphewa.

"Pondani buleki!"

"Ndaponda kalekale, mukuona ngati ndine wogontha?"

"Bwezani giya!"

Anasolola kandodo, kupukuta, kubweza, kusololanso, n'kuyendetsa chala mpaka pomwe ndinapala paja.

"Ali pa mzere. Lero sitithira."

"Ndiye ndizimitse?"

"Ayi, isiyeni ilire pang'ono," anatero bambo. Anatseka boneti, anazungulira pang'onopang'ono atagwirira galimoto, n'kukakhala pa mpando wa pambali pa amayi.