Khutu la a Sixpence

Pa makina athu obowola mijigo panalibe chida choyezera maberingi. Chida chathu chinali khutu la a Sixpence. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pachitsulo, chogwirira n'kuchikanikiza pakhutu, kenako n'kutsinzina. Akatero ankakuuza kuti beringi iyi yatsala ndi sabata imodzi, iyo ikungofuna girisi. Zaka makumi atatu sanaphonyepo, ndipo ankadzitama nazo mpaka kutitopetsa.

Ine Darlington, amene ndimayendetsa makinawo, ndinali nditazindikira kale kuti khutulo likufa. Phokoso la kompuresa linali litawadya pang'onopang'ono. Ukamayankhula ankayang'ana milomo yako, ndipo ankaseka akaona ena akuseka. Sindinauze aliyense. Munthu wa msinkhu wawo, wobadwira mukomboni, wopanda munda kuno ku Zimbabwe ngakhale mudzi wobwerera ku Malawi, atachotsedwa ntchito akanalowera kuti?

Tinali pa famu ina kufupi ndi Banket, tsiku lachitatu, mapaipi atalowa pansi mamita makumi asanu. Cha m'ma teni koloko ndinamva kaphokoso pamutu wa makina, pamene pamazungulitsa mapaipi, ngati munthu akutafuna mchenga. Kapitawo wathu, a Moses, nawonso anatchera khutu.

"Mudhara, tamverani apo," anatero a Moses kwa mdala Sixpence, akuloza.

Ndinatsitsa mutuwo, a Sixpence n'kuikapo sikuludiraiva yawo. Anakhalitsa kuposa masiku onse. Anasintha khutu. Kenako anabwerera akupukuta manja.

"Hapana nyaya," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti palibe vuto. "Ili bhoo, bowolani."

Ndinasendera pafupi ngati ndikuyang'ana nati. Chitsulo chinali kutentha moti sukanachigwira kawiri. Girisi amene ankatuluka m'mbali anali wakuda bii, ndipo nditamupaka pachala munkanyezimira tizitsulo ting'onoting'ono. Beringi inali ikudzidya yokha. Ndikanangotsegula pakamwa, tikanazimitsa, n'kusintha beringiyo, mawa lake n'kupitiriza ntchito. Koma pomwepo a Moses akanadziwa kuti khutu la a Sixpence latha. Ndinapukutira chala pa ovolosi, ndikudzinamiza kuti beringiyo ifika madzulo, ndiwauza mdalayo tili awiri kuti aoneke ngati azindikira okha. Uchitsiru wanga unali umenewo, ndipo mpaka lero umandiwawa.

Sinafike ngakhale pa nkhomaliro. A Sixpence anali atakhala pa dilamu chapafupi, atafulatira makina, akusenda mbatata yowotcha. Mwadzidzidzi mutu uja unalira kulira kwa chitsulo chikamang'ambika, utsi uli tolotolo. Amayi a mukomboni amene ankadikirira madzi ndi zigubu zawo anathawa akukuwa. Ndinazimitsa zonse. Shafuti inali itapsa, mapaipi atakanirira pansi.

Tonse tinatembenukira kwa a Sixpence. Iwo anali akudyabe, msana uli kwa ife. A Moses anawaitana dzina, osayankha. Anaitananso mokuwa mpaka agalu a mukomboni anauwa, koma ayi ndithu. Kenako kapitawoyo anandiyang'ana ine nthawi yaitali, ndipo ndinangozyolika.

Patapita kanthawi a Sixpence anazindikira kuti pansi pasiya kunjenjemera. Anatembenuka, mbatata ili m'manja, akumwetulira.

"Nanga mwaimiranji, vakomana? Madzi atuluka?"