Kamphepo Wamera Ndevu

Chipinda chojambulira mawu chinali chomwe chija, kungoti makoma anawamata masiponji atsopano ndipo fungo la fodya wa madoda akale linatha. Anyamata a pa wailesi ya kanema masiku ano amanunkhira bwino, koma kupereka mpando kwa munthu wamkulu sadziwa.

Amake Kamphepo anadzikokera okha mpando. Mwana analibe. Dzinali analitengera pantchito, chifukwa kuyambira ali mtsikana ndiwo ankalankhulira Kamphepo, kamnyamata ka maso aakulu ndi tsitsi losongoka ka m'katuni ya ku Japan imene ana ankaithamangira akaweruka kusukulu. Mawu a tianyamata ta m'katuni amapatsa akazi, poti mnyamata weniweni akangotha msinkhu mawu amamuthawa. Iwo anawasunga ngati dzira. Madzi ozizira anasiya, kwaya anasiya, ndipo pamaliro a amuna awo analirira mumtima poopa kusasa mawu.

"Zigawo zatsopano zafika, mayi," anatero woyang'anira pulogalamu, maso ali pafoni. "Koma tiyambe taonera."

Wamakina anazimitsa getsi. Pakanema panatuluka phiri lija, mlatho uja, kenako chimunthu cha mapewa ngati chitseko. Chitatembenuka, chinali ndi ndevu.

"Amenewa ndi bambo ake?"

"Ndi iyeyo. Eniake a ku Japan amukulitsa."

"Wakula liti? Sabata yathayi amalirira galu wake."

"Ana a masiku ano, mayi," anatero wamakina. "Mukangophethira, mumva kuti akwatira."

Palibe anaseka.

"Ndipatse mahedifoni."

"Mayi, tamverani kaye..."

"Ndati ndipatse. Unamuphunzitsa ndiwe kuseka?"

Amake Kamphepo atavala mahedifoniwo anaima pa maikolofoni, nadikira chimunthucho chitsegule pakamwa. Anagwetsa chibwano pachifuwa, nakoka mawu kuchokera m'mimba: "Ndabwera kudzatenga lupanga langa!" Zomwe zinatuluka zinali ngati kamwana kakunamizira kukhala bambo ake pafoni. Anayesanso. Ulendo wotsatira anatsamwa, nakhosomola mpaka misozi. Wamakina ankangopukuta batani loyera kale.

"Munthu tamupeza kale," anatero woyang'anira. "Uja amalengeza malonda a matayala. Mawu ake ndi bingu."

"Wa matayala! Akudziwa kuti Kamphepo akafuna kunama amayamba wameza mate? Zimenezo sanajambule a ku Japan, ndinaikamo ndine."

"Ana sazindikira zimenezo."

"Iwe uli mwana sunkazindikira?"

Woyang'anira anaika foni m'thumba. Anakanda m'mutu, nayang'ana wamakina, koma wamakina sanamuthandize.

"Sikuti tikukuchotsani, mayi. Pali poti Kamphepo akukumbukira ubwana wake, kamnyamata kaja kamaoneka pang'ono. Ndiye palinso mphaka."

"Amalankhula?"

"Amangolira."

Amake Kamphepo anavula mahedifoni. Pakanema chithunzi chinali chitaima, chimunthu chija chili yasa kukamwa, kudikira mawu a munthu wina. Anachiyang'anitsitsa. Makutu okha ndiwo sanasinthe.

"Mphakayo ndi wa ndani?"

"Wa Kamphepo. Amagona kumiyendo kwake."

"Amakhala naye mpaka kumapeto?"

Wamakina anatsokomola. "Mpaka chapakati. Pali nkhondo ina yake, ndiye..."

"Basi, usandiuze."

Anakhala pampando, natenga chikwama chawo n'kuchiika pamiyendo, kenako anachibwezeranso pansi. Anavalanso mahedifoni.

"Bweza pamene akulowa mphakayo. Ndione m'mene amatsegulira pakamwa."